Makiyi a Vani ya Atate

Tinagwirizana tonse atatu kuti atate asiye kuyendetsa galimoto, koma kugwirizana n'kosavuta mwini wake palibe. Tinakambirana pa foni, m'kagulu komwe tinatsegula popanda iwo, ndipo aliyense analemba mawu olimba. Titafika pa funso loti akawauze ndani, mafoni onse anatha moto.

Nkhani inayamba ndi Edna, mng'ono wanga, yemwe ndi namwino. Anawatengera atate ku chipatala cha maso, ndipo dokotala anati maso awo akutha kuyambira m'mbali. Za kutsogolo amaona bwinobwino, ngakhale nambala ya basi ili patali, koma chimene chili pambali pawo sachiona, makamaka kumanzere. Edna anati zili ngati munthu akusuzumira mu paipi, ndipo paipiyo ikunka nichepa. Dokotala anawapatsa mankhwala odontheza n'kuwauza kuti za galimoto aiwale. Atate anathokoza mwaulemu, anatuluka, n'kuyendetsa okha kubwerera ku Mtendere, Edna ali pambali akupemphera chamumtima.

Mlongo wanga Kumbu, wovala tayi uja, anati ali ndi nzeru yosapweteka munthu. Lamulungu lina atate ali ku tchalitchi, anatsegula boneti n'kuchotsa kachitsulo kena komwe makaniko wake anamuuza kuti popanda iko injini siilira. Amati tidzangonena kuti zipangizo za galimoto yakale chonchi sizipezekanso, atate adzasiya okha ulemu wawo uli wonse. Lolemba m'mawa atate anayesa kuliza kamodzi, anatsika, anasuzumira mu injini, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini cha polishi momwe munali tizitsulo totere titatu. Sanafunse munthu. Madzulo anamuimbira Kumbu kumufunsa za ana, n'kumaliza ndi mawu akuti akadzapeza nthawi adzabweze chija, chidakali chabwino.

Ndiye mtolo unagwera ine, Tiwo. Amati ndine woyamba kubadwa, ndimakhala pafupi, ndiponso pakamwa panga msika wonse wa Mtendere umapadziwa. Sindikana. Ndimagulitsa salaula, zovala za kaunjika, ndipo amene wabwera kudzanyoza katundu wanga amabwerera makutu akutentha. Koma kukalipira kasitomala n'kwina, kuuza bambo wako wa zaka 74 kuti akupatse makiyi n'kwinanso.

Vaniyo muyenera kuidziwa. Ndi galimoto yotsegula kumbuyo, yomwe atate anagula mu 1994 kampani ya mabasi itatsekedwa iwo n'kutsala opanda ntchito. Kale inali yobiriwira. Pano chitseko cha dalaivala n'choyera chifukwa chinachokera pa galimoto ina, ndipo chimatseguka ndi kunja kokha. Tonse atatu tinaphunzira sukulu ndi vani imeneyi. Ku Mtendere ndi ku Kalingalinga n'zovuta kupeza nyumba yopanda njerwa kapena felemu yomwe inabwera pa iyo, ndipo amayi atamwalira atate anakana galimoto ya maliro yomwe Kumbu anapeza, anawanyamula okha. Ndiye iwe uime pamaso pa munthu wotereyo uziti bweretsani makiyi.

Ndinalonjeza kuti ndiwauza Loweruka. Ndinafika m'mawa mawu anga ndawasanja bwino, n'kupeza atate agwada kumbuyo kwa vani akukoloweka ngolo. Ngoloyo ndi ya matayala anayi, anawawotcherera ndi mnzawo Ba Chabwera kalekale, ndipo ilibe mabuleki akeake.

"Wabwela bwino," anatero osadzutsa mutu. "Nifuna munthu wogwila chipika."

"Atate, ine nabwela kuti tikambe."

"Tizakamba. Manje kuli nchito. Vala vinsapato va amai ako vili kuseli kwa chitseko, ivo wavala sivingakuthandize."

Ndinavala. Mumtima ndinati ndiwauza panjira, ndipo ndinadziwa kuti ndikudzinamiza.

Ntchito yake inali ya Ba Wilbroad, kalipentala wa ku Kalingalinga. Anagula makina opalira matabwa ku fakitale ina yomwe inatsekedwa ku Chinika, pafupi ndi Kanyama. Anali makina akale achitsulo chokhachokha, olemera kuposa vaniyo. Lole yokhala ndi chonyamulira ikanawanyamula mosavuta, koma sikanalowa m'kanjira kopita kumene Ba Wilbroad amagwirira ntchito. Madalaivala awiri a magalimoto atsopano onyezimira anapita kukaona kanjirako, ndipo onse anakumbukira kuti ali ndi maliro kumudzi.

Ku fakitale tinapeza Ba Wilbroad akuzungulirazungulira, foni m'manja, thukuta kamukamu ngakhale dzuwa linali lisanakwere. Woyendetsa kagalimoto ka mafoloko ananyamula makinawo n'kuwatula pa ngolo mofulumira, ngolo n'kubuula. Anazimitsa injini, ntchito yatha.

Atate anatenga kamtengo kuseri kwa mpando. Kamtengoko ndinakula ndikukaona, ndipo ndinkayesa n'kokwapulira ana. Kali ndi mizere iwiri yochekerera ndi mpeni. Anakaimika pansi pafupi ndi chitsulo chokokera ngolo, anayang'ana, n'kupukusa mutu.

"Bwelesani kusogolo pang'ono," anatero.

Munthu uja analiza injini, ananyamula, anasuntha, anatula. Atate anaimikanso kamtengo.

"Mwapitilila. Bwezani kumbuyo, so chabe." Anamuonetsa chikhatho chawo.

"Ba mudala, ni chimozimozi," anatero wa mafoloko uja. "Chili pa trela, chakwela."

"Ba Dixon, nthawi," anawonjeza Ba Wilbroad. "Town izazula."

Atate sanakwiye. Anawaitana onse awiri n'kuwaonetsa kamtengo kaja. Anati katundu akatsalira kumbuyo kwa ngolo, ngolo imagwedeza mchira mumsewu mpaka kugwetsa galimoto. Akadza kutsogolo kwambiri, amapsinja vani kumbuyo, matayala akutsogolo n'kupepuka, chiwongolero osamveranso. Chitsulo chokokera chiyenera kutsika mpaka pakati pa mizere iwiriyo, osati pamwamba, osati pansi. Anafotokoza modekha ngati akuphunzitsa Sande sukulu, kenako anati tiyeni tiyambirenso. Kachinayi ndi pomwe anagwedeza mutu. Wa mafoloko uja, amene ankang'ung'udza, anatsika n'kukajambula kamtengoko ndi foni yake.

Sizinathere pomwepo. Anamanga makinawo ndi matcheni anayi, aliyense kukokera kwake, ndipo tcheni lililonse analimenya ndi sipanala n'kumvetsera kulira kwake. Matayala onse asanu ndi atatu anawamenya chimodzimodzi. Anatenga matumba anayi a mchenga n'kuwaika mu vani pamwamba pa matayala akumbuyo, kuti ngolo ikamakankha matayalawo agwire pansi. Ba Wilbroad anayang'ana wotchi mpaka anatopa nayo. Ine ndinaima pamthunzi ndikuyang'ana manja a atate, manja okhakhala aja, ndipo ndinazindikira kuti zaka zonsezi ndinkadya za ntchito yawo koma ndinali ndisanaionepo ikugwiridwa.

Ba Wilbroad anatsogola pa minibasi kukakonza malo. Ife tinanyamuka mwa kayendedwe ka mkwatibwi. Vani inanjenjemera, inakoka, ngolo n'kuvomera. Sitinapitirire giya yachitatu. Maminibasi ankatiimbira mahutala, makondakitala atatulutsa mitu pawindo.

"Ba shikulu, muzafika mailo, osati lelo!" anakuwa wina. "Gulisani ku sikilapu!"

Ine magazi anathamanga. Ndinatulutsa mutu n'kumuuza za mano ake ndi za kabudula wake, ndipo anthu a m'basimo anaseka iyeyo. Atate anangoti, "Tiwo, sunga mphamvu."

Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene amaidziwa Lusaka akudziwa kuti mwezi umenewu phula limasungunuka. Tisanafike m'tauni ndinaona atate akusuzumira kasingano koonetsa kutentha kwa injini. Kanali katayamba kukwera. Anatambasula dzanja n'kutsegula hita mpaka kumapeto. Mpweya wamoto unandiwomba m'miyendo.

"Atate, mufuna kunipha?"

"Moto uchoke ku injini ubwele kuli ise," anatero. "Ise tingapilile. Yeve ni nkhalamba."

Ndinakhala m'ng'anjo imeneyo ndikudzikupiza ndi chitenje, ndikutukwana Kumbu ndi Edna chamumtima, iwo ali pa mafani kwawo. Koma kasingano kaja kanaima, kenako kanatsika pang'ono. Ndinaseka ndekha. Galu wamkota sakandira pachabe.

Chimene sichinandiseketse ndi china. Pa mphambano iliyonse atate ankatembenuza mutu wonse, khosi lonse, osati kuponya diso monga amachitira madalaivala. Ndipo ankandifunsa, mawu ake ngati ongocheza, "Uko kwako kuli bwanji?" Ndinkayankha kuti kuli njinga, kuli wilibala, kulibe kanthu. Nditayankha kachisanu ndinazindikira kuti sananditengere chipika chokha. Ndinali diso lawo lakumanzere. Ndinapsa mtima, chifukwa zinasonyeza kuti akudziwa zonse zomwe dokotala ananena, ndipo nthawi yomweyo ndinawamvera chisoni. Mawu anga aja anali pamlomo. Ndinawameza poona kuti munthu akukoka chitsulo cholemera chonchi pakati pa tauni si womuuza zoterozo.

Lusaka alibe mapiri, kupatula amene anthu anamanga okha. Kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa uyenera kukwera mlatho wodumpha njanji, ndipo Loweruka masana magalimoto amaima pamenepo ngati ali pamzere wa chigayo. Tisanayambe kukwera atate anaima pambali n'kundipatsa chipika. Ndi chidutswa cha mtengo wa mukwa chosongoka mbali imodzi, chokhala ndi chingwe.

"Handibuleki siingagwile trela iyi pa chitunda," anatero. "Uziyenda pambali pa tayala yakumbuyo. Nikaliza hutala kamozi, ika. Nikaliza kabili, nizasendeza kusogolo, iwe donsa na nthambo. Osaika kwanja pansi pa tayala, olo vichitike bwanji."

Ndinatsika. Ine mayi wa ana atatu, msungichuma wa chigwirizano cha amayi, ndinamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kuyenda pambali pa ngolo, chipika m'manja, tauni yonse ikundiona. Tinakwera pang'ono, mzere unaima. Hutala inalira kamodzi. Ndinaponya chipika kuseri kwa tayala, ndipo atate anabwezera ngolo pa icho pang'onopang'ono mpaka mukwa unalira. Kumbuyo kwathu kunali galimoto yakuda yamtengo wapatali, ndipo mwini wake, atayang'ana chimakina chija chili pamwamba pa boneti yake, anasiya mpata waukulu popanda womuuza.

Mzere unasuntha. Hutala inalira kawiri. Apa ndi pomwe ndinkaopa, chifukwa ndinaonapo malole akubwerera chambuyo pamalo ngati amenewa, utsi wa kilatchi uli tolotolo. Vani inangong'ung'udza pansipansi. Sinakuwe, sinadumphe, sinabwerere ngakhale chala chimodzi. Tcheni linakungika, tayala linachoka pa chipika ngati likuopa kuchidzutsa, ine n'kukoka chingwe. Tinachita zimenezi kasanu ndi kawiri tisanafike pamwamba. Pofika kachinayi anthu a m'minibasi yomwe inali pambali pathu anayamba kuwerenga nafe, ndipo kondakitala wawo, mnzake wa wamano uja, anatsika n'kumaletsa magalimoto ena kuti asatilowerere kutsogolo.

"Ni batate banu?" anandifunsa.

"Ee," ndinatero.

"Aba ni ma dalaiva. Ise tili chabe na ma laisensi."

Ndinakweranso vani pamwamba pa mlatho. Potsika atate anaika giya yoyamba n'kusiya injini igwire katundu, buleki akungoigusa mwa apo ndi apo. Kumbuyo ngolo inkakankha, ndinkaimva mumsana, koma inatsika mowongoka. Titafika pansi anandiyang'ana ndi mutu wonse uja n'kunena kuti, "Wagwila bwino." Ndili ndi zaka 46, koma ndinakondwa ngati mwana wopatsidwa switi.

Tinafika ku Kalingalinga dzuwa litapendeka pang'ono. M'mbali mwa msewu owotcherera anasiya mageti awo, akalipentala anasiya mabedi, onse kubwera kudzaona. Kanjira ka kwa Ba Wilbroad nditakaona ndinawamvetsa madalaivala a maliro aja. Mbali imodzi kuli mpanda wa njerwa wokhala ndi mageti ang'onoang'ono, mbali ina kuli ngalande yakuya, ndipo pakati kanjirako kamakhota. Kumapeto kulibe potembenukira. Ngolo inayenera kulowa chambuyo, vani ikukankha.

Atate anatsika n'kukayenda kanjirako wapansi, kupita ndi kubwera, kawiri. Ankawerenga mapazi. Anachotsa mwala wina, anaponda m'mphepete mwa ngalande kuti amve ngati dothi lili lolimba, anauza anthu a Ba Wilbroad achotse matabwa omwe anatsamira mpanda. Kenako anaima pakati pa anthu n'kupempha kuti aliyense agwire mwana wake, ndipo pasapezeke wolankhula kupatula ine. Anandiimika kumbuyo kwa ngolo, mbali ya ngalande, pomwe akanandiona pa galasi lawo lakumanja.

Amene sanabwezepo ngolo chambuyo sangadziwe. Ukapotoza kumanja iyo imapita kumanzere, ukachedwa kubweza imapindika n'kudzamenya galimoto yako yomwe. Atate anagwira chiwongolero pansi ndi dzanja limodzi. Ngolo inalowa m'kanjira ngati ikudziwa kwawo. Tayala lakumanja linkayenda m'mphepete mwenimweni mwa ngalande, timiyala tikugwera m'madzi, koma silinasunthe kupitirira pamenepo. Ine ndinkayenda chambuyo ndikukodola ndi dzanja, ngakhale kunena zoona sankafuna thandizo langa. Anthu onse anali chete. Kunkamveka injini ndi wailesi ya nyumba ina.

Ngolo inapita pokhota paja. Tsopano vani inayenera kutsatira, ndipo kuti ikhote, mphuno yake inayenera kutayikira kumanzere mpaka pafupi ndi mpanda. Nthawi yomweyo geti lofiira la mumpandamo linatseguka. Munatuluka mayi wachitsikana, beseni pamutu, mwana kumsana, maso ali pa foni. Analowa pakati pa vani ndi mpanda, pamalo pomwe mphuno ija inkapita. Ndinatsegula pakamwa. Ine wa pakamwa pa msika wonse, mawu sanatuluke.

Vani inaima.

Mayi uja anadzutsa mutu, anati pepani, anadzipanikiza n'kudutsa, ulendo wake. Atate anadikira pang'ono, kenako anapitiriza. Mphuno ya vani inatayikira kumanzere n'kudutsa mpanda mosiya mpata wa zala ziwiri. Ngolo inakaima pakhomo penipeni pa shedi ya Ba Wilbroad, ndipo sanabwerezepo ngakhale kamodzi.

Anthu anaomba m'manja, amayi ena analuluta. Ba Wilbroad anawagwira atate dzanja ndi manja awiri osafuna kulisiya.

"Mwaona mwamene banaimilila Ketty?" ankauza aliyense. "Ise tonse tinali kuyangana trela, beve bamuona kudala. Ba Dixon bali na menso konsekonse."

Atate anangomwetulira. Anayang'anira kutsitsa kwa makina, anthu asanu ndi atatu akuwagubuduza pa mapaipi, ndipo sanachoke mpaka atakhala pa simenti. Anapinda matcheni awo, anamasula ngolo, anaikankhira pambali. Ba Wilbroad anatibweretsera zakumwa zozizira, ndipo tinakhala awiri pa mulu wa matabwa pansi pa mtengo wa mango.

Ine mtima wanga unali utatembenuka kale. Ndinkaganiza za dokotala uja, mwana wa dzana, amene mwina sadziwa ndi kusintha tayala komwe. Ndinkaganiza za Kumbu ndi galimoto yake yosintha yokha magiya. Ndani mwa iwo akanachita zomwe ndinaona tsiku limenelo? Ndinatsimikiza kuti madzulo ndilemba m'kagulu kaja kuti awasiye atate, ndipo amene akufuna makiyi akatenge yekha.

"Atate," ndinatero, "nifuna kumiuzani chilungamo. Ba Kumbu na Edna bananituma kuti nimipokeni makiyi."

"Niziba," anatero. "Ka gulu kanu ka pa foni, Edna anaiwala ananitumila ine meseji imozi."

Ndinachita manyazi, koma ndinapitiriza. "Manje ine nakana. Vamene naona lelo, kulibe angakambe kanthu. Muziyendesa chabe."

Anamwa pang'ono, n'kuika botolo pansi. Anayang'ana kanjira kaja nthawi yaitali.

"Uja Ketty bakamba," anatero motsitsa mawu, "anachokela kuti?"

Ndinayesa akuseka. Ndinawayang'ana kumaso, ndipo sankaseka.

"Pa geti yofiila. Kumanzele kwanu."

"Anapita pakati pa motoka na chipupa?"

"Ee. Si ndiye mwaimilila?"

"Ninamvela cheni yalila kumbuyo," anatero. "Ninaima kuti nimvele ngati yamasuka. Sininaone munthu, Tiwo. Namvela chabe kuli ba Wilbroad."

Ndinaika botolo langa pansi. Anafunsanso ngati mayiyo anali yekha, ndipo ndinalakalaka kunama, koma atate sindinawanamizepo n'kupambana. Ndinati anali ndi mwana kumsana.

Anadzuka. Anayenda mpaka pokhota paja n'kuima pafupi ndi geti lofiira, pomwe matayala awo anasiya mzere m'fumbi. Anaika dzanja limodzi pa mpanda, n'kuyang'ana mzerewo. Pakati pa mzere ndi mpanda phazi lawo silikanakwana. Anaima pamenepo kanthawi, anthu akudutsa n'kumawapatsa moni wa ulemu, iwo akuyankha bwinobwino. Atabwerako anatsegula vani, anatseka mawindo onse awiri, anatseka hita ija, anakhoma chitseko. Anabwera pomwe ndinakhala n'kundiika makiyi m'manja, n'kupinda zala zanga pamwamba pake.

Ndimo mmene munthu alili. Ine amene ndinatumidwa kudzalanda makiyiwo, ndinayamba kuwakana. Ndinati ndiziyenda nawo ine tsiku lililonse, salaula ndimusiyira wina. Ndinati tigula galasi lina lalikulu, tiika kumanzere. Ndinati wolakwa ndi Ketty, munthu wamkulu woyenda maso ali pa foni, ndipo ndikamupeza andimva. Ndinkalankhula mofulumira, misozi ikutsika, ndipo sindinasamale kuti akalipentala akundiona.

"Iwe unalipo lelo," anatero atate. "Unamuona. Unakamba?"

Ndinapukuta misozi ndi chitenje.

"Sinikupasa mulandu. Vinthu ivi vimachitika mwamusanga, pakamwa pamachedwa. Makina ya ba Wilbroad yafika, na uja mwana wafika kwamene amai bake benze kuyenda. Mulungu anipasa vonse vibili pa siku imozi. Sinizamupempha kabili."

Anandiuza kuti ndisawauze Ba Wilbroad chifukwa chake tsiku limenelo, asangalale ndi makina awo. Anangowapempha kuti vani ndi ngolo zigone pamenepo mpaka Kumbu atapeza munthu wodzazitenga, ndipo Ba Wilbroad anavomera msanga, akuyesa kuti nkhalamba yatopa. Ndinati tikwere minibasi. Atate anati Mtendere si patali, tiyende.

Tinayenda m'mbali mwa msewu, pakati pa mageti osapenta ndi mabedi ogulitsa, fumbi la matabwa likutilowa m'mphuno. Sindikumbuka kuti ndinayendapo nawo wapansi mumsewu umenewo chikulire changa. Ndinaona kuti ndi aafupi kuposa mmene ndinkaganizira, ndiponso kuti amatsimphina pang'ono mwendo wa kilatchi. Makiyi ndinawamanga pa nsonga ya chitenje, ndipo ankandimenya pantchafu ndikamayenda. Ndinkawanyadira bambo anga kuposa tsiku lina lililonse, ndipo mtima unkandiwawa koopsa.

Pafupi ndi pokwerera mabasi, wowotcherera wina wachikulire anakweza magalasi ake akuda pamphumi n'kutiyang'ana modabwa.

"Ba Dixon, pansi lelo? Motoka yafa?"

Atate anaima, anatembenuka thupi lonse kuti amuone bwino, n'kumukwezera dzanja.

"Iyai," anatero. "Motoka ili che bwino."